Nkhalango zathu zikupepuka: zimene sikelo ikuonetsa ku Kasungu ndi Mchinji

Lipoti la chaka cha 2020 la FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, likuti mu 1990 Malawi anali ndi nkhalango zokwana mahekitala pafupifupi 3.5 miliyoni, ndipo pofika 2020 zinali zitatsika kufika pa mahekitala 2.24 miliyoni. Ndiye kuti m'zaka 30 tinataya mahekitala 1.26 miliyoni, malo aakulu kuposa maboma a Kasungu ndi Mchinji mutawaphatikiza. Ziwerengero zotere ndi zomwe timamva pa wailesi nyengo yobzala mitengo ikamatsegulidwa mu Disembala, aliyense n'kupukusa mutu. Komatu zimangonena za kukula kwa malo. Sizinena kuti pamalo otsalawo paima mitengo yotani.

Mlimi wa fodya sangavutike kumva kusiyanaku. Ku msika wa Chinkhoma safunsa kuti munalima maekala angati. Belo amaliika pa sikelo, ndalama n'kutsata makilogalamu. Akatswiri a zankhalango nawonso anaona kuti kuwerenga mahekitala okha n'kudzinamiza, motero masiku ano amafuna kudziwa kulemera kwa mitengo imene ili pa hekitala iliyonse. Ukayeza motere, nkhani ya chigawo chapakati imasintha. Malo ambiri omwe pa mapu akadali obiriwira anapepuka kalekale, pamene minda ina imene mapu saiwerengera n'komwe ngati nkhalango ikuwonjezera mitengo mwakachetechete.

Chimene amayeza n'chiyani

Chomwe amachitcha biomass ya pamwamba pa nthaka ndi kulemera kwa thunthu, makungwa, nthambi ndi masamba a mitengo yamoyo, madzi onse atachokamo. Mizu siilowa m'chiwerengerochi, ili ndi chakechake. Amaumirira pa mtengo wouma chifukwa wauwisi umanyenga, ndipo aliyense amene anasenzapo mtolo wa nkhuni zaziwisi akudziwa kuti gawo lalikulu la katunduyo ndi madzi. Yankho limabwera m'matani pa hekitala, hekitala imodzi ikakhala maekala pafupifupi awiri ndi theka.

Nkhalango zathu zambiri ndi za miombo: mombo, tsamba ndi mtondo, zosakanikirana ndi muwanga, mlombwa, msuku, muula ndi naphini. Miombo yokhwima imene sinasokonezedwe kwambiri imakhala ndi matani apakati pa 50 ndi 100 pa hekitala, malinga ndi mvula ndi nthaka ya deralo. Nkhalango zowirira za ku Congo zimapitirira matani 300. Yathuyi n'njopepuka kale mwachibadwa, moti nkhwangwa ikalowamo sipapita nthawi kuti sikelo ipendekeke.

Chimene chikukopa maiko akunja pa nkhaniyi ndi kaboni. Pafupifupi 47 peresenti ya mtengo wouma ndi kaboni amene mtengowo unakoka mumpweya pamene unkakula. Hekitala ya matani 60 yasunga matani 28 a kaboni, ndipo itati yapsa yonse ingatulutse kaboni dayokisaidi wopitirira matani 100. Ndalama za kaboni zimene mabungwe akhala akuzitchula m'misonkhano ya m'midzi zimawerengedwa kuchokera pamenepa. Kwa ife eni malo, matani omwewa ndiwo nkhuni, nsichi, phaso, mipini ndi matabwa. Ndiwonso mthunzi umene bowa amamera pansi pake, maluwa a njuchi, ndi masamba amene matondo amadya.

Kayezedwe kake ka pansi n'kosavuta kukamvetsa ngakhale n'kotopetsa. Amadula kachigawo ka nkhalango, n'kuyeza mtengo uliwonse ndi tepi pa msinkhu wa mamita 1.3, cha pachifuwa pa munthu wamkulu. Amalemba mtundu wake, nthawi zina ndi kutalika kwake. Manambalawa amawalowetsa m'masamu omwe anapangidwa pogwetsa mitengo yeniyeni, kuidula zidutswa, kuiumitsa ndi kuiika pa sikelo. Kwa nthawi yaitali tinkabwereka masamu a ku maiko ena. Mu 2016 ofufuza a ku Bunda, mogwirizana ndi anzawo a ku Norway, anatulutsa masamu ochokera pa mitengo yoposa 70 ya m'miombo ya kuno kwathu, ndipo zinali zofunika, chifukwa mitengo yofanana kunenepa siilemera mofanana: muwanga ndi wolemera kwambiri kuposa bulugamu wamng'ono wa msinkhu womwewo.

Masamuwa amaulula chinthu chimene diso silikhulupirira msanga. Thunthu likanenepa kawiri, kulemera kwa mtengo sikuwonjezeka kawiri ayi, kumawonjezeka kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Mtengo umodzi wa thunthu la masentimita 40 m'mimba mwake umalemera ngati timitengo pafupifupi 30 ta masentimita 10. Choncho m'nkhalango mitengo ikuluikulu yowerengeka ndiyo imasenza gawo lalikulu la matani onse. Munthu akalowa ndi sowo n'kusankha milombwa khumi yonenepa pa hekitala, wachotsa katundu wambiri, koma amene akudutsa pamsewu aonabe tchire lobiriwira. Ngakhale buku la FAO silidandaula, pakuti malamulo ake amati malo ndi nkhalango ngati akuposa theka la hekitala, mitengo yake ingathe kutalika mamita 5, ndipo nthambi zake zaphimba 10 peresenti yokha ya nthaka. Nkhalango ingataye theka la kulemera kwake n'kukhalabe yolembedwa m'kaundula ngati kuti palibe chachitika.

Diso la kumwamba

Palibe amene angazungulire dziko lonse ndi tepi, n'chifukwa chake ntchito yambiri yatsamira pa masetilaiti. A Landsat akhala akujambula dziko kuyambira 1972, ndipo zithunzi zawo n'zothandiza poona pamene nkhalango yasanduka munda. Aliyense amene ali ndi intaneti angatsegule Google Earth n'kuona malire a kum'mawa a paki ya Kasungu: mbali ina mitengo, mbali ina minda, mzere wake wooneka bwino lomwe. Vuto la zithunzi zotere n'lakuti zimaona kubiriwira, osati kunenepa kwa thunthu. Miombo imayoyola masamba m'chilimwe n'kuphukanso masamba ofiira mu Seputembala, ndipo m'dzinja udzu wa m'munsi umabiriwira ngati mitengo yomwe. Chithunzi cha mwezi wolakwika chingakunamizeni mbali iliyonse.

Zipangizo za radar zimachitako bwino chifukwa mafunde ake amadutsa masamba n'kukagunda nthambi ndi thunthu. Ofufuza a ku yunivesite ya Edinburgh anagwiritsa ntchito setilaiti ya ku Japan yotchedwa ALOS poyeza nkhalango za kum'mwera kwa Africa pakati pa 2007 ndi 2010. Anapeza kuti matani oposa theka la onse otayika sanatayike m'malo ogwetsedwa psiti, koma m'nkhalango zimene zikadaimabe koma zikuthyoledwa pang'onopang'ono. Anapezanso kuti m'madera ambiri akutali ndi anthu mitengo inkawonjezera kulemera, moti pa chigawo chonsecho zotayika ndi zobwerera zinkatsala pang'ono kufanana. Chitonthozo chimenecho n'cha maiko otakasuka ngati Angola ndi Zambia. Ifeyo madera akutali ndi anthu tili nawo angati? Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, onse pa mtunda wa masikweya kilomita pafupifupi 94,000.

Kuchokera kumapeto kwa 2018 pali chipangizo cha GEDI chimene chimayeza kutalika kwa mitengo ndi kuwala kwa laser, ndipo mu Epulo 2025 bungwe la zamlengalenga la ku Europe linatumiza setilaiti yotchedwa Biomass, yopangidwira ntchito yomweyi. Zonsezi zimafunabe munthu wa tepi pansi woti azitsimikizire. Ndiponso tiziwerenga malipoti ndi maso awiri. Manambala a FAO aja amatsika ndi mahekitala 42,000 chaka chilichonse, osaphonya, kuyambira 1990 mpaka 2020. Nkhwangwa siyenda mwadongosolo chotero. Umenewo ndi mzere wojambulidwa pakati pa zaka zochepa zimene kuyeza kwenikweni kunachitika. Komwe ukuloza n'koona, koma usatengedwe ngati kaundula wa chaka ndi chaka.

Matani a ku Kasungu anapita kuti

M'chigwa cha Kasungu ndi Mchinji kugwa kwakukulu kunachitika ana a masiku ano asanabadwe. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 boma la Kamuzu linaika mtima pa maesiteti a fodya. M'dziko lonse maesiteti anachoka pa mazana ochepa mu 1970 kufika pa oposa 14,000 mu 1989, ndipo ambiri anali kuno. Kunali a Press Farming, a General Farming, a Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, kenaka akuluakulu a boma ndi a chipani amene anatenga malo a mafumu n'kuwaika pa lizi. Esiteti imadya nkhalango kawiri. Koyamba potsegula munda, kachiwiri chaka chilichonse pochiza fodya. Wa kampopi amafuna moto wosazima m'balani kwa pafupifupi sabata yathunthu, ndipo woyang'anira moto safuna tinthambi, amafuna zipika zolimba zosunga kutentha usiku wonse. Pangano la lizi linkati gawo la 10 peresenti la esiteti likhale la mitengo. Amene anakulira m'maesiteti anene okha kuti ndi angati anasunga mawuwo.

Fodya wa bale ataloledwa kwa alimi ang'onoang'ono kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ena ankati mitengo ipuma chifukwa bale amauma ndi mphepo. Anaiwala chigafa. Chigafa chimafuna mizati, phaso ndi mikangala, ndipo chiswe sichilola kuti zikhalitse. Mitengo imene imadulidwira ntchitoyi ndi yowongoka, yanthete, yomwe ikanadzakhala ikuluikulu ya zaka 20 zotsatira. Pa sikelo ya chaka chimenecho kutayikako kumaoneka kochepa, koma wadula mzere wolowa m'malo.

Lero amene akutsogolera ndi makala. Mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo m'matauni ngakhale nyumba za magetsi zili ndi mbaula pakhonde. Mphepo ya Ana itawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, kuzimazima kwa magetsi kunatumiza anthu ambiri kwa ogulitsa makala. Uvuni wa dothi umene amagwiritsa ntchito m'tchire ndi wowononga zedi: pamafunika makilogalamu 5 mpaka 10 a mtengo kuti patuluke kilogalamu imodzi ya makala. Thumba limodzi limene mukuliona pa njinga mumsewu wa Mchinji kulowera ku Lilongwe ladya mtengo wolemera kangapo kuposa thumbalo. Ndipo wogula amafuna makala olimba, osathetheka, okhalitsa pa mbaula, kutanthauza mombo, tsamba ndi muwanga, mitengo yomwe ija yosenza matani ambiri. Ku Dzalanyama zinafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali. Lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 kuti zilango zikule, ndipo pali ndondomeko ya makala ya 2017 mpaka 2027. Zili bwino, koma malinga ngati mayi wa ku Area 25 alibe china chophikira chimene angakwanitse, woyendetsa njinga apeza njira yolambalala chipata. Makala ena amachokera kutsidya kwa malire, zimene zikungotanthauza kuti njala yathu ya moto yayamba kupepula nkhalango za anansi.

Uvuni wa njerwa nawo sitingauiwale. Malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zikuluzikulu zamalonda, koma nyumba zambiri za m'midzi ndi m'matauni zikumangidwabe ndi njerwa zootchedwa ndi mitengo ya mango ndi yachilengedwe, iliyonse imene yapezeka pafupi.

Ndiye pali moto, umene suutchulidwa kawirikawiri chifukwa tinauzolowera. Moto sugwetsa mombo wamkulu nthawi imodzi. Umapha timitengo tating'ono ndi mphukira, n'kusiya zipsera pa ikuluikulu zimene chiswe ndi kuwola zimalowerapo. Ku Ndola, m'dziko la Zambia, anayamba mu 1933 kuyesa zimenezi pa zigawo za miombo: china ankachitentha kumayambiriro kwa chilimwe, china kumapeto, china osachitentha konse. Patapita zaka, chigawo chotenthedwa mochedwa chinali chitataya miombo yake yambiri n'kutsala udzu ndi mitengo yopirira moto, pamene chotenthedwa msanga chinali chosasiyana kwambiri ndi chotetezedwa chija. Moto wa mu Juni, udzu usanaumitsitse, umangonyambita pansi. Wa mu Okutobala, wa osaka mbewa ndi osaka nyama, umakwera mpaka kunthambi. Zaka zambiri zapita chidziwikireni zimenezi, koma lupsa la mochedwa likadali chizolowezi chathu.

Kumene sikelo ikukwera

Miombo ili ndi mphatso imodzi yaikulu: siifa ndi nkhwangwa. Mphamvu zake zambiri zili pansi, m'mizu, ndipo chitsa chikasiyidwa chimaphuka. Mbewu ya mombo imachedwa kwambiri kukhala mtengo chifukwa zaka zoyamba imakhala ikukumba pansi, pamene mphukira ya pachitsa imapeza mizu yakale ili kale ndi njira ya kumadzi. Kafukufuku wa m'minda yosiyidwa chapakati pa Mozambique anaonetsa kuti m'zaka 20 mpaka 30 kulemera kwa mitengo kumabwerera pafupi ndi kwa nkhalango yosadulidwa. Koma anaonetsanso china chofunika kuchisunga: mitundu yeniyeni ya miombo inali isanabwerere, malo ake atatengedwa ndi ina yofulumira. Matani angabwerere msanga kuposa bowa ndi matondo.

Umboni wakuti nthaka yathu ikadali ndi mphamvu zoterezi uli m'mudzi uliwonse. Pakati pa minda yoyera mbee, kumanda kumakhala kamsitu kowirira, ndipo kudambwe nakonso palibe amene amalowako ndi nkhwangwa mwachisawawa. Palibe bungwe linabzalako mbande. Chimene chinachitika n'chakuti panali lamulo limene anthu ankaliopa, mwini wake akudziwika. Ndi maganizo ngati omwewa amene anayesedwa ku nkhalango ya Chimaliro, kumpoto kwa Kasungu, kuyambira cha m'ma 1996, pamene boma linagawana ndi midzi yozungulira udindo wosamala nkhalango ndi ufulu wotolamo nkhuni, udzu, bowa ndi zina. Nkhalango za m'midzi zoyang'aniridwa ndi makomiti a zachilengedwe zimatsata njira yomweyo. Pamene mfumu ili yolimba zimaphuka, pamene komiti ikudikira ndalama za pulojekiti zimafota pulojekitiyo ikatha.

M'minda namo muli matani amene kaundula wa nkhalango samawaona: misangu imene imayoyola masamba m'dzinja chimanga n'kumakula bwino pansi pake, mango, mithethe, kesha wa m'malire, gliricidia, ndi mphukira zimene mlimi wazisiya dala n'kumazidulira kuti patsale mphanda imodzi kapena ziwiri. Mitengo 20 yokula bwino pa hekitala ya munda ndi yochepa poyerekeza ndi nkhalango, koma minda ndiyo yatenga gawo lalikulu la dziko lino, choncho pamodzi ndi katundu wochuluka.

Apa m'pomwe ndimakayikira kachitidwe kathu ka nyengo yobzala mitengo. Kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo timalengeza mamiliyoni a mbande, nduna n'kugwira khasu pamaso pa makamera. Mbande ya m'chubu ikauma imalemera magalamu owerengeka. Miliyoni imodzi ya mbande zotere singafike pa kulemera kwa hekitala imodzi ya miombo yokhwima, ndipo zambiri sizidzaona mvula yachiwiri chifukwa cha mbuzi, chiswe ndi moto. Malawi analonjeza mu 2016 kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030. Lonjezo lalikulu chotero silingakwanitsidwe ndi manazale okha. Kubzala kuli ndi malo ake, makamaka bulugamu ndi paini wa nkhuni ndi milimo ya matabwa, kuti alimi a fodya ndi owotcha makala asiye kudalira chilengedwe, ngakhale Chikangawa, yomwe inali ndi mahekitala pafupifupi 53,000 a mitengo yobzala, yationetsa kuti nkhalango yobzala nayo imatha ikamakololedwa popanda kubwezeretsa. Koma funso lofunsa DC kapena wa zankhalango wa boma si lakuti mwabzala ingati. N'lakuti mwa imene munabzala zaka zisanu zapitazo yatsala ingati, yanenepa bwanji, ndipo ndi mahekitala angati a zitsa amene sanapse chaka chino.

Paki ya Kasungu, ya masikweya kilomita 2,316, ndiyo nkhokwe yaikulu ya miombo imene yatsala m'chigawo chino, ndipo mtsinje wa Dwangwa umayambira momwemo, monga momwe Bua amayambira m'mapiri a Mchinji. Mu 2022 munabweretsedwa njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Midzi ya m'malire ikudziwa bwino mtengo wake wa zimenezi m'minda mwawo. Kwa oyeza mitengo, njovu ndi chinthu china chowonjezera m'masamu, chifukwa nazo zimasenda makungwa ndi kugwetsa mitengo; kutsika kwa matani mkati mwa paki sikudzakhala kwa nkhwangwa kokha.

Chimene chingasinthe kwambiri chithunzi cha zaka zikubwerazi ndi kalimidwe. Alimi ambiri ku Mchinji ndi Kasungu akutembenukira ku soya ndi mtedza, mbewu zimene sizifuna balani kapena chigafa, ndipo ku mbali ya nkhuni umenewo ndi mpumulo. Koma kuti soya abweretse ndalama zofanana ndi za fodya amafuna malo okulirapo. Boma nalo lakhala likulimbikitsa minda ikuluikulu yolimidwa ndi makina, ndipo ena mwa malo oyenera ntchitoyi ndi maesiteti akale amene anagonera kwa zaka, momwe miombo inali itayamba kubwerera yokha. Khasu limalambalala chitsa, thirakitala silingatero. Munda woti mulowe makina umayamba wazulidwa zitsa zonse ndi mizu yomwe, ndipo pamalo otero mombo sudzaphukanso ngakhale mundawo utadzasiyidwa.